Chaka Chimene Dziwe la ku Kaziwa Linaphwa

Novembala

Chaka chimenecho ndinachiyamba ndi kumiza mudzi wathu m'nyanja.

Kusukulu ya kumsewu kunabwera aphunzitsi atsopano, a Kamwendo ochokera ku Dedza, ndipo tsiku la msonkhano wa makolo anapachika mapu a Malawi pakhoma. Anafunsa mwaulemu kuti, "Pali ana ena akumati kwawo ndi ku Kaziwa. Kodi Kaziwayo ali pati apa?" Anthu onse anatembenukira kwa ine. Sukulu ndinalekera Sitandade 5, koma kwathu wowerenga ndine: nyuzi zokulungira usipa, makalendala akale, timapepala ta mankhwala a ng'ombe, chilichonse chokhala ndi zilembo. Ndinadzuka, ndinakonza kolala, n'kukaloza molimba mtima. Magalasi ndinali nditawaiwala kunyumba. Aphunzitsi anayang'ana chala changa, kenaka anayang'ana ine.

"Bambo Mhango, pamenepo ndi pamadzi."

Alamu anga a Mwalwimba, amene anakwatira mlongo wanga ndipo khomo lawo limayang'anizana ndi langa, anaseka mpaka kutsokomola. "Basi, a Nyuzi atisamutsa! Mawa tikagule mabwato." Dzina la a Nyuzi anandipatsa ndi iwowo, ndipo linandikanirira.

Nditabwereka magalasi a munthu wina ndinapeza kuti pa mapupo Kaziwa palibe n'komwe. Ndiye ndikulondolereni pakamwa. Mukatsika basi pa Lupembe, nyanja muisiye kumbuyo, muyang'ane kumapiri. Njira yake ndi ya ngolo. Imadutsa minda ya thonje ndi tchire la minga, n'kuwoloka mtsinje wamchenga kawiri, mtsinje womwewo, chifukwa umakhota ngati munthu wochokera kumowa. Mukanyamuka dzuwa likutuluka mumafika malaya atayera mchere kumsana. Pamene phiri layambira kukwera pali thanthwe lakuda ndi mikuyu, ndipo pansi pa thanthwelo pamatuluka madzi. Mudzi ndi womwewo. Nyumba zake mutha kuziona zonse muli chiimire.

Agogo athu sanali anthu a kuphiri. Ankakhala kunyanja cha ku Mwenilondo, mpaka chaka china madzi anakwera n'kudya minda yawo. Mabanja angapo, a Mhango, a Mwalwimba, a Kaonga ndi ena, ananyamuka ndi ng'ombe zawo ndi mitolo ya mbewu ya chinangwa pamutu. Bambo anga ankati anthuwo sankafunafuna nthaka yabwino, ankafunafuna madzi osaphwa. Kuno chinangwa chotsekemera sichifika pokumba, anyani ndi nguluwe zimathera m'munda. Chimene chimapulumuka ndi chowawa, ndipo chowawacho ndi chiphe mpaka utachiviika m'madzi masiku angapo, chifewe, chinunkhe, ululu utuluke. Ndiye atapeza kadziwe kosaphwa pansi pa thanthwe, anatula mitolo. Kaziwa m'chiyankhulo chathu ndi kadziwe komweko.

Dziwelo analigawa patatu. Kumtunda, pakamwa pa thanthwe, ndi pomwa anthu. Pakati pali maenje oviikamo chinangwa, banja lililonse dzenje lake, lozingidwa ndi miyala imene anayala agogo. Kumunsi ndi kwa ng'ombe. Chinangwa sichikwera kumtunda ngakhale kachidutswa, chifukwa madzi ake atha kupha mudzi wonse. Dzenje langa lili pansi pa mkuyu waukulu. Ndinabadwira pafupi nalo, manda a bambo ali poonekera, ndipo sindinaganizepo zokakhala kwina. Koma aliyense wa ku Kaziwa amadziwa chinthu chimodzi chimene sitichinena mokweza: dziwe likatha, mudzi watha.

Mvula ya chaka chapitacho inali yochepa. Novembala ameneyo kumunsi kwa ng'ombe kunali kale matope okhaokha, ong'ambika ngati chidendene cha munthu wosavala nsapato.

Disembala

Mvula inagwa tsiku limodzi, yabwino ndithu, ndipo tonse tinathamangira kubzala chimanga. Chinamera bwino. Yachiwiri tinaidikira mpaka Khirisimasi.

Masana mitambo inkasonkhana kutsidya kwa nyanja, pamapiri a ku Tanzania, yakuda bii. Tinkaiona ikubwera, ikugunda, kenaka n'kuthira madzi ake onse panyanja pomwepo pamene palibe munda wa munthu. Kwa ife kunkangofika mphepo yonunkha mvula ya eni ake. Mkazi wanga NyaMsiska anasiya kuanula zovala kukamachita mdima kum'mawa. Ankangoyang'ana n'kupitiriza kusinja.

Ng'ombe zinayamba kukamwa kumtsinje wamchenga, kumene amuna ankafukula zitsime zofika m'chiuno. A Mwalwimba anali ndi ng'ombe ziwiri zokoka ngolo, Kapiteni ndi Sajeni, ndipo ngolo m'mudzi monse inali yawo yokhayo. Ankazimwetsa ndi beseni, akuziyankhula ngati ana.

Januwale

Chimanga chinafika m'mawondo n'kuima. Masamba anapotana ngati a anyezi, kenaka anayera. Palibe anadandaula kwambiri poyamba, chifukwa ife chimanga ndi mlendo. Chakudya chathu ndi kondowole, nsima ya chinangwa, ndipo chinangwa chinali chodzaza m'minda, chobiriwira ngati sichikudziwa kuti kunja kuli dzuwa.

Ndiye maenje anayamba kuphwa. Anayambira kumunsi. Dzenje la a Kaonga linatsala ndi phala loyera lonunkha, lotsatira lake chimodzimodzi. Amene awo anaphwa ankapempha kuviika mwa anzawo a kumtunda, ndipo poyamba tinkalandirana bwino. Koma chinangwa chikathinana m'madzi ochepa sichifewa, chimangoda. Akazi amene anakulira pamodzi anayamba kulozana zala chifukwa cha thumba limodzi. Mwezi usanathe langa nalo linauma, ndipo ndinaona miyala ya pansi imene sindinaionepo chibadwire. Inali yoyalidwa bwino kwabasi. Ndinaima pamenepo n'kumaisirira, ngati kuti ndiyo nkhani.

Panatsala pomwa anthu pokha, napo madzi akutuluka ngati misozi ya munthu wolira mokakamiza. Tinagwirizana kuti khomo lililonse lizitunga ndowa m'mawa ndi ina madzulo, basi.

Njala yathu inali yachilendo. Ndawerengapo za njala ya minda youma, koma ife tinkadutsa pakati pa chakudya popita kukagona ndi njala. Mbuzi imene kale inkagula thumba la chimanga ku Lupembe, tsopano inkabwera ndi ndowa imodzi yosadzaza. Nkhuku inkagula kambale. Tinkadya kamodzi, dzuwa likapendeka, phala ndi chigwada, masamba a chinangwa chomwecho, owiritsa mpaka nkhuni kudandaula.

Mphekesera zinachuluka kuposa nkhuku. Ena ankati dziwe lakwiya chifukwa mkazi wina wobwera anatsukiramo mphika wamwaye. Ena ankati ndi makala amene anyamata ankawotcha kuphiri. Kunamvekanso zoti kukubwera galimoto ya chimanga chaulere, ndipo kawiri konse tinatsika kumsewu ndi matumba opanda kanthu n'kubwerera nawo opinda m'khwapa. Chimangacho chinabweradi mwezi wotsatira, koma chinathera midzi ya m'mbali mwa msewu. Ogawa chimangawo amene anabwera kudzaona kwathu anaona minda yobiriwira n'kubwerera.

Febuluwale

Mabanja awiri anatseka zitseko ndi minga n'kupita ku Wovwe kukagwira ganyu yowokera mpunga, kumene ankalipidwa mpunga wosweka. Anati abwera mvula ikagwa. Anatenga ndi mitondo yomwe.

Otsalafe tinalowa kuphiri kukawotcha makala, ineyo m'gulu momwemo. Manja owerenga nyuzi anatuluka matuza tsiku loyamba. Mitengo imene tinkaopa kudula kale tinaigwetsa, thumba la makala n'kukasintha ndi ufa wa masiku awiri. Phiri linayamba kuoneka ngati mutu wometedwa ndi lumo lobuntha.

M'makomo anthu anayamba kuviika chinangwa m'ndowa, ndi madzi obera pa akumwa. Ndowa si dziwe. Madzi sayenda, ndipo mwana akamalira masiku amatalika. Chinangwa chakupsa bwino chimaphwanyika m'manja, mtsitsi wa pakati n'kusololoka wokha. Chathu tsiku lina chinali chofewa kunja kokha. NyaMsiska anachithyola n'kundionetsa.

"Awiske Tiwonge, mukuti bwanji?"

Awiske Tiwonge kwathu ndiye kuti bambo a Tiwonge, mwana wathu wotsiriza, amene nthawi imeneyo anali mu Sitandade 2. Anali atagona pamkeka kuyambira m'mawa, osalira n'komwe, akungotsatira amayi ake ndi maso. Ndinanunkhiza chinangwacho ngati munthu wodziwa. Ndinati tichiyanike padzuwa, dzuwa lotere likhoza kumaliza ntchito. Tinayanika, tinasinja, tinadya.

Dzuwa lisanalowe mutu wanga unayamba kuzungulira ndipo miyendo inakhala ngati ndabwereka. Tiwonge anasanza mpaka kusowa chosanza, kenaka anangofooka, milomo itasintha mtundu. NyaMsiska anakuwa, ndipo a Mwalwimba anatulukira atamanga kale Kapiteni ndi Sajeni. Anatikweza tonse pangolo ngati matumba.

Kuchipatala namwino, mayi wa ku Mulanje, anamuika mwana botolo la madzi pamkono, akundikalipira m'Chichewa chothamanga chimene ndinachimva chonse, mwatsoka. "Bambo wamkulu ngati inu! Simudziwa kuti chimapha?" Ndinati ndikudziwa, mayi. Pamenepo anasiya kukalipa.

Tiwonge anadzuka mawa lake n'kupempha phala. Titabwerera kumudzi tinapeza maliro. A Kaonga aakulu anadya chofanana ndi chathu, koma kwawo kunalibe wowaona msanga. Pamaliropo sipanaphikidwe kanthu. Anthu anakwirira, anasamba m'manja ndi mchenga, n'kubalalika.

Malichi

Ogula ng'ombe anali atayamba kale kuzungulira m'midzi ndi njinga zamoto, anyamata onenepa oyankhula Chiswahili chosakaniza. Ankatsina ng'ombe pamsana n'kupukusa mutu, mtengo n'kutsika. M'mawa wina ndinaona mmodzi akutuluka m'khola la a Mwalwimba akumwetulira. Ndinawoloka bwalo.

"Alamu, mwagulitsa?"

"Abwera Loweruka ndi lole. Zonse ziwiri." Sanandiyang'ane. "Asibweni anu a ku Wovwe, alongo a amayi anu aja, atilonjeza kamunda. Ndidikire chiyani, a Nyuzi? Zife ndidye zikopa?"

"Ngolo ikapita, tonse tapita."

"Ngolo ikuchita chiyani panopa? Ikunyamula odwala."

"Inyamule chinangwa. Tikaviike kunyanja."

Anaseka, koma osati kuseka kwawo kuja. "Kunyanja! Mwawerenga pati zimenezo? Theka la tsiku kupita, mumchenga, ng'ombe zake izi? Taonani nthiti, mutha kuimbapo nyimbo. Ndipo kunyanjako kuli eni ake."

"Eni ake ndi abale a agogo athu."

"Abale a agogo! Mukawauze zimenezo muone ngati sakulipiritsani ndi moni yemwe."

Ndinangokhala pansi pachitsa cha pakhola, iwo akukanda Sajeni kuseri kwa khutu. Kenaka anati, "Mwana uja akudya?" Ndinati akudya, pakakhala chakudya. Anatukwana pang'ono m'Chinkhonde, chimene amasungira nkhani zikuluzikulu, n'kunena kuti tikumbe madzulo kukazizira, tinyamuke m'mawa.

Loweruka lole inabwera n'kupeza khola lopanda kanthu.

Zinayenda monga ananenera a Mwalwimba. Anthu a kunyanja anatipatsa malo m'mabango pafupi ndi mathiriro a mtsinje, koma pa matumba asanu alionse limodzi linali lawo. Tinkamanga matumba ku zikhomo m'madzi n'kukhala pomwepo kulondera masiku onse oviika, chifukwa njala inali kumenekonso, ndipo thumba losayang'aniridwa linkamera miyendo. Ng'ona nazo zinali pafupi. Ine ndinapatsidwa ntchito yoyang'ana madzi ndi kukuwa, poti anzanga anaona kuti pa ntchito zina ndimangowachedwetsa. Tsiku lina ndinakuwa chifukwa cha chipika, amuna akuluakulu n'kuthawa m'madzi makabudula ali m'manja. Sanandithokoze.

Koma ngolo inkabwerera kumudzi yodzaza, ikudontha, ikununkha fungo lija limene alendo amatseka nalo mphuno, ndipo akazi ankaichingamira kutali ndi malichero. Makomo ankasinthana, ulendo uno awa, ulendo winawo awo. Mitondo inayambanso kumveka. Ana anayambanso kukangana, chimene chinali chizindikiro chabwino.

Chinangwa chonyowa chimalemera kuposa chouma. Ulendo uliwonse ng'ombe zinkaima nthawi yaitali pamchenga wa powolokera, ife tikukankha kumbuyo. Kumapeto kwa mwezi, pa kuwoloka kwachiwiri, mudzi ukuonekera, Sajeni anagwada. A Mwalwimba sanamumenye. Anamasula goli, anamuthira madzi athu akumwa pamutu, anamuitana dzina. Ng'ombe inangotambasula khosi pamchenga.

Tinaipha isanafe yokha. Nyama yake inalibe mafuta ngakhale a kunsonga ya mpeni. Mudzi wonse unadya nyama koyamba chaka chimenecho, mwakachetechete, aliyense akuyang'ana m'mbale mwake. Eni ake sanadye. Mlongo wanga anandiuza kuti anakhala m'khola ndi Kapiteni mpaka mbale zitatsukidwa.

Ng'ombe imodzi sikoka ngolo. Ulendo wotsatira tinasenza pamutu, theka la thumba munthu aliyense, ndipo tonse tinadziwa kuti sitingathe kutero nthawi yaitali.

Epulo

Mvula inabwera mwezi uli pakati, masana, kuchokera kuphiri osati kunyanja. Kunayamba mphepo imene inasasula malata awiri a nyumba yanga n'kukawaponya m'munda wa nandolo. Kenaka madzi. Ana anathamangira pabwalo kukavina, koma akuluakulu tinaima m'makonde kumvetsera, chifukwa kuphiri kunkamveka mkokomo ngati malole ambiri akutsika pamodzi.

Phiri lopanda mitengo silisunga madzi. Anatsika onse nthawi imodzi, ofiira, atanyamula mchenga, miyala ndi zitsa za makala athu omwe. Anadutsa pathanthwe, pamaenje, pamalo a ng'ombe. Kutacha, dziwe lonse linali bwalo la mchenga losalala, loti ana n'kuseweramo mpira.

Mvula inagwa sabata yathunthu. Chimanga chinali chitafa kalekale, koma tinabzala mbatata ndi nyemba pachinyezi. Ndipo tinafukula. Banja lililonse linafunafuna miyala yake pansi pa mchenga, ena akukangana malire ngati kuti agogo sanawaike poyera. Madzi anabwerera n'kudzaza maenje onse mpaka kumunsi. Lamulungu lake kutchalitchi tinaimba mpaka mawu kusasa.

Meyi

Zokolola za chimanga chaka chimenecho NyaMsiska anazinyamula ulendo umodzi pa lichero. Koma dzenje langa linali lodzaza, chinangwa chikufewa bwino, ndipo ine ndinali munthu wokondwa. Mwa mabanja awiri aja a ku Wovwe, limodzi linatumiza mawu kuti libwera likakolola mpunga. Linalo silinatumize kanthu.

M'mawa wina ndinakwera padenga kukabwezera malata aja, amene mpaka nthawiyo anali otsamiritsa ndi miyala. Ndili pamwamba ndinaona a Mwalwimba kuthanthwe. Anagwada pomwa anthu, analowetsa mkono m'madzi mpaka paphewa, n'kukhala choncho nthawi yaitali ngati akufufuza ndalama yakugwa. Kenaka anabwera n'kuima pansi pa nyumba yanga, mkono ukudontha.

"Alamu, mwadzuka? Taponyani msomali uwo wagwa," ndinatero. "Mwaona madzi? Mudzi wadzukatu."

Anatola msomali koma sanauponye. "Mwawagwira madziwo, a Nyuzi?"

"Tsiku lililonse."

"Mwawagwira pansi, pakamwa pa thanthwe? Madzi a m'thanthwe amazizira mpaka dzino kuwawa, ndipo ukaika dzanja amakukankha. Ine ndafika mpaka pamng'alu. Ndi ofunda, ndipo angoima. Amenewa ndi a mvula, atsalira pamchenga."

"Mwina mng'alu watsekeka chabe. Tifukula."

"Mwina. Tifukula." Anayang'ana kuphiri kumene kunali mitengo. "Tidziwa mu Okutobala."

Ndinafunsa ngati ndiye kuti Kapiteni akumugulitsa tsopano, poti mitengo ya ng'ombe inali itayamba kukwera. Anati ayi, akufuna kumupezera mnzake, ngakhale wamng'ono, aphunzire goli nthawi ikadalipo. Ndinakondwa. Ndinati ndiye kuti mwatsimikiza zokhala, alamu, ngolo iziyendanso kunyanja zikavuta.

Anaponya msomali uja, ndinauwakha. Anaima pang'ono akuyang'ana denga langa, kenaka denga lawo.

"Ngolo idzafunika, inde," anatero. "Koma misomaliyo musakhomerere kwambiri, alamu. Idzativuta pozula."